Mwala Pansi pa Tayala

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Amen? Ameniyo ndi yofooka ngati batire la lole yakale, koma ndailandira.

Ndikufuna kuchitira umboni. Koma ndipepeseretu, umboni wanga si wovinitsa munthu. Ena akaima pano amanena kuti ndinali kudwala, lero ndachira. Ine ndaima pano ndi chimene ndinapempha chili m'thumba la malayali, koma mtima wanga sunachire. Abusa anandiuza kuti ndinene choncho basi, ndiye ndinena.

Ine ndine Makwinja, ambiri mumandiona pa benchi yakumbuyo ija. Kwathu ndi ku Phalombe. Ndinabwera kuno ku Mchinji chaka chomwe tinavota koyamba zipani zambiri, kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kuyendetsa. Panali lole imodzi yonyamula mabelo, tinkaitchula kuti Ndatopa. Dalaivala wake anali munthu wa mowa, ndiye akagona pansi pa mtengo, kapitawo ankati Makwinja kwera. Ndinakwera, ndinayendetsa, zaka zitatu.

Tsono mumvetse za Ndatopa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Loleyo inalibe bureki ya pamanja. Chingwe chake chinaduka kalekale, ndipo palibe anaganizapo zogula china. Ukaima pa chikweza, umangokuwa kuti "Mwala!" ndiye mmodzi mwa anthu amene akwera pamwamba pa mabelo amadumpha n'kuika mwala kumbuyo kwa tayala. Ukakhala wekha umazimitsa injini, kusiya mu giya, n'kudumpha kukaufuna wekha mwalawo. Kwa ife kumeneko ndiye kunali kuyendetsa. Dalaivala woiwala mwala tinkamuona ngati chitsiru.

Ndili komweko ndinakwatira Nabanda, mwana wa m'mudzi wina wa kwa Zulu, m'mphepete mwa msewu wa tala. Ndinalowa chikamwini. Amuna anzanga amene muli pa chikamwini, simukusowa kuti ndikuuzeni. Munda si wako, nyumba wamanga ndi manja ako koma si yako, ukatsokomola mokweza amati mkamwini asamakule mwendo. Tinabereka Tiyamike, kenako anyamata awiri. Ine chimene ndinkafuna pa dziko lino chinali chimodzi: kutenga mkazi wanga ndi ana anga, tikakhale patokha, ngakhale m'kachipinda ka lendi pa boma.

Ndinapita kwa atsibweni ake a Nabanda, eni mbumba, kukapempha chitengwa. Sanandikalipire ayi, ndi munthu wofatsa. Anangondifunsa kuti mwana wawoyo ndikamudyetsa chiyani, poti utenanti ndi ntchito ya chaka chimodzi, fodya akapanda kuchita bwino amakupitikitsa. Ndinati ndimadziwa kuyendetsa lole. Iwo anati, "Kudziwa ndi m'mutu mwanu, ife sitikuonamo. Tibweretsereni chiphaso ndi ntchito, mudzatenge mkazi wanu dzuwa likuswa mtengo." Anatero pamaso pa anthu, ndipo ine ndinavomera.

Ndinkayesa kuti ndi nkhani ya mwezi umodzi. Ha! Achinyamata amene mukulota mathiraki mukamawaona pa boda paja, tcherani khutu. Nditafika ku ofesi ya za pamsewu ku Lilongwe anandiuza kuti chiphaso cha lole sachidumphira. Uyambe ndi cha galimoto zazing'ono, chikhale kaye m'thumba kwa nthawi, ndiye udzabwere za lole. Ndipo chilichonse chili ndi makwerero ake. Ujambulitse zithunzi. Adokotala akuyeze maso. Uloweze buku la malamulo a pamsewu, zikwangwani zonse, akakufunse chimodzichimodzi. Ukakhoza akupatsa pepala lophunzirira, ndipo pepalalo limatha mphamvu pakapita miyezi, ukachedwa uyambirenso. Ndiye upite ku sukulu yoyendetsa, iwo ndi amene akakuperekeze kwa woyesa. Ine munthu woti ndatsitsa mabelo ku okushoni, anandikhazika m'kagalimoto komata chilembo chofiira kuti ndiphunzire kugwira chiwongolero.

Bukulo linali la Chingerezi, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Nabanda anafika 8. Ndiye iye ankajambula zikwangwani ndi khala pa khoma la khitchini n'kumandifunsa akusenda mbatata. Ndikalakwa ankaseka mpaka misozi. Chiphaso cha galimoto zazing'ono ndinachipeza, patatha zaka ziwiri.

Pamenepo ntchito ya ku esiteti inali itatha. Ndinayamba kukhala pa boda. Mathiraki akandandalikana kudikira mapepala a katundu, madalaivala amatopa, ena amapita kukasamba, ena kukasintha ndalama, ndiye amafuna munthu woti mzere ukayenda azisuntha galimoto. Ndinali ine. Thiraki ya matayala osawerengeka, ndikuisuntha mapazi khumi, n'kuzimitsa. Mapazi khumi, n'kuzimitsa. Ikafika pa geti mwini wake amabwera, ine n'kutsika, iye n'kumapita ku Chipata. Tsiku ndi tsiku ndinkatsika pa geti, abale anga.

Tsiku la mayeso a lole linafika. Rivesi pakati pa madiramu ndinadutsa osakhudza ngakhale limodzi. Mu tawuni ndinayenda bwinobwino. Woyesa, bambo wa magalasi wosalankhulalankhula, anandilondolera pa chikweza china n'kunena kuti imani apa, kenako munyamukenso. Ku sukulu anandiphunzitsa, sindinama. Bureki ya pamanja inali pomwepo pambali panga, yamoyo. Koma mantha atandigwira, mutu unachoka, thupi linabwerera ku esiteti. Ndinangomva pakamwa panga pakukuwa kuti "Mwala!" Nditaona kuti palibe akudumpha, ndinazimitsa injini, ndinatsegula chitseko, ndinatsikira mu ngalande, ndinanyamula chimwala chachikulu n'kukachiika pa tayala. Ndinabwerera pa mpando ndikudzipukuta m'manja, ndikudziona kuti ndachita za nzeru.

Sekani, sindikukuletsani. Woyesanso anaseka mpaka anavula magalasi. Kenako anandifunsa kuti pa mlatho, pa msewu wopanda miyala, ndidzatani. Analemba pa pepala lake, ndipo tinabwerera akuyendetsa ndi mphunzitsi.

Nkhani imeneyi inafika ku mudzi ine ndisanafike. Azilamu anga anayamba kunditchula kuti a Mwala. Ndikudutsa pa chitsime, atsikana ankakuwa dzinalo. Mpaka lero pa boda ukafunsa Makwinja sakumudziwa, koma a Mwala akulozera.

Kachiwiri sindinatsike. Ndinakoka bureki ija, koma mtima sunaikhulupirire. Ndinkangoona ngati chingwe chiduka, ndiye phazi linakanirira pansi, ndinachedwa kusiya kilachi, lole inabwerera m'mbuyo mpaka woyesa anagwira chitseko. Ndinalepheranso. Kenako kunagwa njala ija ya 2002, mukuikumbuka. Ndani akanaganiza za Lilongwe ana akudya gaga? Pepala lophunzirira linatha mphamvu lili mu Baibulo. Njala itapita ndinayambiranso zithunzi, maso, zikwangwani. Kachitatu ndinagunda diramu, chinthu chimene sindinachitepo, chifukwa maganizo onse anali pa chikweza chimene ndinali ndisanafikepo.

Anthu ankanditonthoza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha, abale, ndinadekha zaka, maso a nkhonowo sindinawaone. Ndinapemphera, ndinasala kudya, ndinafika pomufunsa Mulungu kuti kodi ndinakulakwirani chiyani. Dobadoba wina wa pa ofesi paja anandikokera pambali, anati iye akhoza kundibweretsera chiphaso popanda kukwera lole. Ndinatsala pang'ono kuvomera. Nditamuuza Nabanda anakana kwamtuwagalu. Anati chiphaso cha kuseri chidzapha ana a eni, ndipo iye sangadye ndiwo zogula ndi chimenecho.

M'malo mwake anatenga mpini wa khasu, anauzika pansi pambali pa mpando wanga pa khonde. Madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe ankandikhazika pamenepo, iye n'kukhala woyesa. "Tafika pa chikweza, bambo a Tiyamike. Kokani mpini. Mwala usiyeni, si wanu." Azilamu anga ankaima kuseri kwa nkhokwe kumaseka. Iye analibe nazo ntchito. Nthawi imeneyo n'kuti chifuwa chitamuyamba kale, akalankhula pang'ono ankaima kaye kuti apume.

Mulungu anagwiritsanso ntchito munthu amene si wa mpingo uno. Pa boma pali bambo wina wachisilamu wa sitolo, ali ndi malole awiri. Anamva za a Mwala, nayenso anaseka, koma atatha kuseka anandiitana. Anati Loweruka lililonse ndizipita ndi dalaivala wake pa chikweza cha kuseri kwa msika, ndiime, ndinyamuke, ndiime, ndinyamuke, mpaka dzanja likhulupirire. Anawonjeza kuti ndikadzakhoza, lole imodzi idzakhala yanga yoyendetsa. Ndinathamangira kunyumba ndi uthenga umenewu. Ndinapeza Nabanda atagona pa mphasa panja, alibe mphamvu yodzuka, koma anamwetulira n'kundifunsa ngati nyumba za lendi pa boma zimakhala ndi malo odzala mpiru.

Tinapita naye ku chipatala, anatipatsa mankhwala, tinabwerera, tinapitanso. Anamwalira kutatsala masabata atatu kuti ndikayesedwe kachinayi.

Sindinkafuna kupita. Ndikatenge cha chiyani? Amene anandikakamiza ndi Tiyamike, ali ndi zaka khumi, anati amayi ananena kuti musalole pepala lithenso mphamvu. Ndinapita ngati munthu wogona. Madiramu ndinadutsa. Tawuni ndinadutsa. Pa chikweza paja, woyesa yemwe uja wa magalasi atanena kuti imani, ndinalibe mantha, chifukwa panalibenso choti nditaye. Dzanja linapita lokha, linakoka. Lole inaima nji. Ndinanyamuka osabwerera ngakhale chala chimodzi. Iye anandigwira paphewa, anati a Mwala lero mwakhoza. Anadabwa kuona bambo wamkulu akulira pa chiwongolero, ankayesa ndi chimwemwe.

Ndinapita nacho chiphasocho kwa atsibweni. Ndinagwada, ndinachiika pa mphasa, pamodzi ndi kalata ya ntchito ya bambo wa sitolo uja. Anachitenga, anachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinati ndabweretsa zimene munanena, ndipatseni ana anga. Anati, "Tinalonjeza mkazi, Makwinja, ndipo mkaziyo ali kumanda. Ana ndi mbumba yathu. Inu muzigona m'misewu, adzawalera ndani?" Nawonso ankalira. Sindingawanene kuti ndi oipa, mwambo ndi umenewo, ndipo ku Phalombe kwathu tikanachita chimodzimodzi. Patapita miyezi anandisudzula. Ndinachoka m'mudzimo ndi chikwama chimodzi ndi mpini uja.

Lero ndimakhala m'kachipinda ka lendi pa boma, komwe kaja ndinkalota. Kuseri kuli malo odzala mpiru. Sindinadzalepo kanthu.

Ndiye mundifunsa kuti Makwinja, umboni wako uli pati? Nanenso ndinawafunsa abusa. Ndili ndi zinthu zazing'ono, ndipo ndizinena. Mulungu anandipatsa mkazi amene anandiletsa kugula chiphaso cha kuseri, ndiye chimene chili m'thumbachi ndi choyera, wapolisi akandiimitsa sindinjenjemera. Ndipo msewu umene ndimanyamulira katundu kuchokera ku Lilongwe umadutsa pa mudzi uja. Atsibweni anandilola chinthu chimodzi. Ndikamayandikira ndimaliza hutala katatu, ana amathamangira kumsewu, ndimaima, ndimawasiyira sopo, makope, nthawi zina mabanzi. Mphindi khumi, chifukwa katundu ndi wa eni. Pamalo pamene ndimaima ndi pokwera ndithu. Ndimakoka bureki, lole imaima. Koma wamng'ono uja, sindikudziwa anamuuza ndani, amathamanga ndi kamwala kake n'kukaika pa tayala. Tsiku lina ndinamuuza kuti sizikufunika. Anati, "Ndikufuna isapite msanga."

Sindimuletsanso. Ikakwana nthawi ndimatsika ndekha kukauchotsa.

Ndikuthokoza Mulungu, abale. Ndikuthokoza ndi pakamwa, mtima ukubwera m'mbuyo pang'onopang'ono, mundipempherere kuti ufike. Amati kondwerani ndi iwo akukondwera. Ine kukondwerako kukundikanika, ndiye ndikupempha kuti mundithandize. Amayi, nthungululu imene Nabanda akanaimba tsiku limene ndinabwera ndi chiphasochi sinaimbidwe. Iyimbeni inu. Imirirani musangalale m'malo mwake, ine ndingokweza chiphasochi m'mwamba kuti muchione. Amen.