Mantha a mabingu anandilanditsa mwana

Linali Lachiwiri, 3 koloko masana, pamene mphenzi inapha akulu anga a Rozina ine ndikuona. Moni nonse abale mwa Ambuye. Sindidziwa kulankhula pagulu, n'chifukwa chake ndalemba.

Tinkapalira mtedza kumunda kwathu ku Zemba. A Rozina ndiwo anandiphunzitsa kugwira khasu ndi kubereka mwana. Ankayimba nyimbo za kwaya uku akupalira, ndipo ndikatsalira ankabwerera kudzandithandiza mzere wanga. Mpaka lero ndimawasowa.

Maliro atatha, abale anatanganidwa ndi kufufuza amene anatumiza mphenziyo. Palibe anandifunsa zimene ndinaona. Ine kukangogunda, ndinkamvanso fungo la nsalu yopserera, ndipo ndinkathawira kunsi kwa bedi. Tsiku lina ndinathawa n'kusiya mwana wanga Tereza pamphasa panja, mvula ikumugwera. Amayi anamutenga kuti azikhala kwa iwo. Sanalakwe, koma ndinadziona ngati munthu wotha ntchito. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, ndibwezereni mutu wanga.

Yankho linabwera ndi a Luwiza, mayi wa mu mphakati wathu amene anathawa nkhondo ku Mozambique ali mtsikana. Anandipeza ndikusenda chinangwa, nakhala pansi.

"Amake Tereza, ine chitseko chikamenyeka ndinkathawira kutchire, ana awiri ndili nawo kale," anatero. "Simunapenge. Mtima wavulala, ndipo umapola. Tandiuzani za a Rozina, osati za imfa yawo ayi, za moyo wawo."

Ndinalankhula mpaka chinangwa chinada m'beseni. Kenaka anandiperekeza ku kiliniki ku boma, kumene anamwino ena amamvetsera anthu ovutika maganizo. Anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono ndi kutchula zinthu zimene ndikuziona pafupi mantha akabwera. Zinatenga miyezi, ndipo masiku ena ndinkabwerera m'mbuyo.

Ndikuthokoza Mulungu ponditumizira munthu wodziwa ululu womwewo. Inu amene mukubisa zotere, musaleke kupemphera, komanso uzani munthu.

Mvula yoyamba ya chaka chino inagwa ndi mabingu. Mantha anabwera, koma ndinakhala pakhonde mpaka inakata, amayi akundiona ali pakhomo pawo. M'mawa mwake ndinapita kwa iwo nditanyamula nsalu yoberekera. Anamasula Tereza kumsana kwawo, namuika kumsana kwanga.