Tchesi Pansanja ya Mapira

"Kodi kuyang'ana kumbali ndi kuba?" anafunsa bambo wina pasiteji ya Dyeratu, tikudikira galimoto ya ku Chapananga. Mayi wina wa dengu la nsomba zouma anasendera pafupi.

"Amunamizira ndani, bambo?"

"Mwana wanga, Immaculate. Anapambana mpikisano wa tchesi wa pafoni, koma amulanda chipambanocho. Akuti pakamera maso ake ankangothawira kumbali, ndiye ankaonera pakompyuta ina."

"Kompyutayo muli nayo?"

"Ngakhale magetsi tilibe, mayi. Kwathu netiweki imagwira pansanja ya kumunda basi. Iye ankayang'ana mpheta kuti zisatimalizire mapira, n'kumakoka chingwe cha zitini."

"Diso lina pamasewera, lina pambalame, n'kuwagonjetsabe?" Mayiyo anaseka pang'ono. "Ameneyo musamukwatitse msanga."

"Atamva nkhaniyi sanalire. Anangoti, 'Bola mapira alipo, baba.' Ndinalira ndine."

"Simunakadandaule?"

"Aphunzitsi ake anadandaula. Amulola kubwereza Loweruka, koma akuti maso asachoke pafoni."

"Nanga mbalame adzaingitsa ndani?"

"Palibe. Loweruka zidye."