Nsapato Yoyasama ya Mayi Ndayesa

Anthu ankamutchula Mayi Ndayesa, poti tsamba lake la pa intaneti, pomwe ankauza anthu katundu wabwino ndi woipa, linkatchedwa Ndayesa Ndekha. Kampani ina inamupatsa nsapato zachikasu ndi kangachepe kuti azitamande, nagwirizana kuti pakatha masiku makumi atatu adzajambulenso kanema atavala zomwezo. Tsikulo litakwana, iye anafika pansi pa masitepe a nyumba ya maofesi, pomwe mmisiri wina ankasokera nsapato, atavala magalasi akuda ngakhale kunja kunali mitambo.

"Mwaswera bwanji, bambo. Ndili ndi kantchito kachinsinsi," anatero motsitsa mawu, akutulutsa nsapato imodzi m'chikwama.

Mmisiri anailandira naitembenuza. Soli inalendewera ngati lilime la galu wotopa.

"Yayasama," anatero.

"Sinayasame. Yangomasuka pang'ono kutsogoloku."

Mmisiri analowetsa zala zinayi pomasukapo, zonse n'kutulukira mkati. "Ndiye ndi yabwinobwino. Mwaibweretseranji?"

"Muikonze. Koma isaoneke kuti yakonzedwa."

"Ioneke yoyasamabe?"

"Ayi, bambo. Ioneke ngati sinayasamepo."

"Oo, ioneke yatsopano."

"Isaonekenso yatsopano. Ioneke kuti yayenda masiku makumi atatu popanda vuto."

"Yayenda masiku angati?"

Mayi Ndayesa anayang'ana kumsewu. "Anayi."

"Ndiye ndisoke, mukayende nayo otsalawo. Idzaoneka momwe mukufuniramo."

"Ndikuifuna lero isanakwane folo koloko."

"Masiku onsewo isanakwane folo? Ine ndimasoka nsapato, mayi. Kalendala sindisoka."

Mayiyo anapuma mozama. Pa intaneti ankatha kuyankha anthu mazana pa tsiku osatuluka thukuta, koma apa khosi linali litayamba kale kutentha.

"Musasoke n'komwe. Ulusi umaoneka. Ingomatani ndi guluu."

"Guluu pa soli imeneyi agwira mpaka madzulo basi."

"Eya, ndi zomwe ndikufuna."

"Nsapato ya tsiku limodzi amavala ndi munthu woti amunyamula. Mukudwala?"

"Sindikudwala. Ndikungofuna kuima nayo mphindi zitatu."

"Kuima imatha ngakhale ili chonchi. Vuto lake ndi kuyenda."

"Bambo, mumata kapena simumata?"

Mmisiri anaweramira pansi pa benchi, nakoka thumba lalikulu, n'kulikhuthula. Nsapato zachikasu zinagwa mulu, zazikulu ndi zazing'ono, zonse zitatsegula pakamwa ngati ana a mbalame m'chisa.

"Abale ake awa," anatero. "Zonsezi ndi za mwezi uno. Akuti kuli mayi wina pa foni amene anawauza kuti nsapato imeneyi udzatopa ndiwe, iyo osatopa."

Mayi Ndayesa anakankhira magalasi m'mwamba. Mawuwo anali ake enieni, ndipo tsiku lomwe anawapeka anadzitama nawo mpaka kuimbira foni mkulu wake.

"Mwina mayiyo sananame," anatero. "Ananena zomwe anaona tsiku limenelo."

"Tsiku loyamba?"

"Eya."

"Tsiku loyamba ngakhale ukwati umalimba."

"Komanso imeneyo ndi ntchito, bambo. Kujambula kumadya nthawi, foni imafuna bandulo, nyumba imafuna lendi. Munthu azigwira ulere?"

"Ayi, alandire ndithu. Inenso ndimalandira. Amamulipira ndi ndani, ogulawo?"

"Kampani."

"Yopanga nsapatoyo?"

"Eya."

"Kuti auze ogula ngati nsapatoyo ili yabwino kapena yoipa?"

"Eya, choncho."

"Akanena kuti ndi yoipa amamulipirabe?"

"Koma inu mukufunsa ngati wapolisi."

"Ndikufuna kumvetsa basi. Ine amandilipira ndi mwini phazi, ndiye ndimaopa phazi."

"Mayiyo sanabise kanthu," anaumirira iye, akugogoda chikwama ndi chala. "Analemba pansi pa kanemayo kuti 'mogwirizana ndi kampani'."

"Anagwirizana kuti atani?"

"Ndi kalankhulidwe chabe. Tanthauzo lake ndi lakuti analipidwa."

"Nanga bwanji sanalembe kuti analipidwa?"

"Sizimveka bwino."

"Aa, zikumveka bwino zedi. Ine ndamva kamodzi kokha."

Mayi Ndayesa anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma mmisiri anali akusanthula m'mulu muja. Anatulutsa nsapato yaing'ono, chidendene chitadyeka mbali imodzi.

"Iyi ndi ya mtsikana wolondera pachipata cha sitolo yaikulu apo. Anagula ndi malipiro ake oyamba, poti amaima tsiku lonse. Inamuyasamira mvula ikugwa. Anafika pano ataimanga ndi chingwe chokolekera chiphaso chake cha kuntchito."

"Anatukwana?"

"Ndani?"

"Mtsikanayo. Anamutukwana mayi wa pa foniyo?"

"Ayi. Anati mwina ndi iye amene amaponda moipa, poti mayi uja sanama."

Pamenepo Mayi Ndayesa anakhala pa kampando ka makasitomala. Akanakonda mtsikanayo akanatukwana, poti wotukwana umangomutsekera kuti asalembenso pa tsamba lako, n'kugona tulo. Koma uyu wodziimba mlandu yekha analibe pomutsekera. Anavula magalasi aja nawaika pamwendo.

"Bambo, mayi wa pa foniyo ndine."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Mwana wanga wamkazi amakuonerani tikudya. Magalasi amabisa maso, mawu sabisa."

"Ndiye bwanji simunanene nthawi yonseyi?"

"Munati ndi kantchito kachinsinsi."

Mayiyo anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu woti wagwidwa ndipo alibe kothawira.

"Taonani," anatero. "Ndikanena zoona, kampani indisiya, ndipo makampani amauzana. Mwezi wamawa sindidziwa kuti ndidzadya chiyani. Ndikanama, thumba lanuli lidzadza kawiri. Inu mukanakhala ine mukanatani?"

"Ndikanakhala inu nsapatoyi ikanandithina. Phazi langa ndi lalikulu."

"Bambo, ndikufunsa nzeru."

"Pano pali guluu ndi ulusi. Nzeru zanga zimathera pomwepo. Nditenge chiti?"

Mayi Ndayesa anayang'ana nthawi pa foni. Kunatsala mphindi makumi anayi. Anayang'ananso kansapato ka mlonda kaja, komwe kanali kakadali ndi chizindikiro cha chingwe.

"Ulusi," anatero. "Wakuda, woonekera patali. Koma dikirani kaye."

Anatsamiritsa foni pa chitini cha polishi, nanyamula nsapato yake momwe inalilimo, soli ikulendewera. Anayamba kudzijambula kanema. Anauza omutsatira kuti kampani inamulipira, kuti iye anatamanda nsapatoyo atangoivala tsiku limodzi, kuti inayasama tsiku lachinayi iye n'kukhala chete. Anaonetsa mulu uja. Anapepesa, nati aliyense amene yake inayasama asadziimbe mlandu, kapondedwe kake kalibe vuto. Anatumiza kanemayo msanga, mantha asanamubwerere.

Mmisiri asanafike ndi singano kuchidendene, foni inalira. Unali uthenga wa kampani, mizere iwiri yokha: mgwirizano watha, asayembekezerenso kanthu.

"Andichotsa," anatero.

"Pepani," anatero mmisiri, namaliza kusoka. "Kwezani phazi tiyese."

Anavala, naimirira, nayenda mpaka pakhomo la maofesi n'kubwerera. Ulusi unkaoneka ndithu, ngati mzere wa nyerere kuzungulira nsapato yonse, koma soli inali gwa. Za mwezi wamawa sankazidziwabe, komabe m'chifuwa munapepuka moti anafuna kuchitira wina zabwino pomwepo.

"Bambo, mwandithandiza kuposa momwe mukudziwira. Khalani bwinobwino ndikujambuleni."

"Mundijambule ndalakwanji?"

"Simunalakwe. Ndikufuna ndikutamandeni pa tsamba langa, ulere. Ndiuza anthu onse kuti pansi pa masitepe pano pali mmisiri wosoka zolimba."

Mmisiri anadula ulusi ndi mano, natchinga nkhope ndi nsapato ya mwini.

"Munditamande ineyo?"

"Ndi mtima wonse."

"Pepani mayi, ndili ndi ana. Zomwe mumatamanda inu ndaona mathero ake." Analoza kutsidya kwa msewu ndi singano. "Ngati mukufunadi kundithandiza, paja pali wina wosoka nsapato amene amandilanda makasitomala. Katamandeni iyeyo."