Matewera Osaola

Pamzere wolipira m'sitolo, bambo wina anasuzumira paketi ya matewera otaya imene mayi wobereka mwana ananyamula.

"Pepani mayi, amenewa akatha ntchito mumataya kuti?"

"M'chimbudzi. Bwanji, ndinu azaumoyo?"

"Ayi, ndimakumba zimbudzi. Dzulo ndinafukula dzenje lakalekale, ndinawapeza ali gwa, timaluwa take tikuonekabe."

"Zoona? Saola?"

"Mwana wanuyo adzamera imvi iwo alipobe."

"N'chifukwa chake chathu chadzaza msanga eti! Pokumba china palibenso, bwalo latha."

"Bwererani ku ansalu."

"Madzi ochapira mukanditungira ndinu? Mpopi wathu umatulutsa kawiri pa sabata."

"Apo mwandigwira, mayi. Zamadzi sindinaziganize."

"Basi, tsiku la madzi azivala ansalu. Dzenjelo lizipumako kawiri pa sabata."