Mbuzi ziwiri zimene ndinapha ndi mkwiyo

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse amene mumawerenga zomwe ndimalemba pano, a mumpingo mwathu ndi ena amene sitinaonanepo. Lero sindikamba za matenda kapena za kutha kwa ntchito. Vuto langa ine ndimayenda nalo m'chifuwa: ndine munthu wosachedwa kupsa mtima. Kusekondale ankanditcha Tsabola, ndipo dzinalo silinandichoke ngakhale imvi zayamba. Mkwiyo umenewu unatsala pang'ono kupasula chinthu chimene ndinachivutikira miyezi isanu, koma Mulungu anandilanditsa kudzera mwa munthu amene ndinamunyoza.

Chaka chatha, ife amene tinalemba Fomu 4 limodzi pa sukulu ina kuno ku Mangochi tinagwirizana zokumananso, patatha zaka zoposa makumi awiri. Tinatsegula gulu la pa foni, ndipo anandisankha kukhala wapampando poti ndine ndinatsala kuno, ndili ndi kagolosale kanga kwa Mponda. Anzathu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre ankafuna loji ya kunyanja. Ine ndinakana poyera. Ambiri a ife ndi alimi, asodzi, aphunzitsi a pulayimale ndi amayi a geni. Za loji zikanatanthauza kuti akumane okhuta okhaokha, enafe tizionera pa zithunzi.

Choncho tinapempha ahedi kuti atibwereke makalasi awiri nthawi ya tchuthi, ina ya amuna, ina ya akazi. Aliyense abwere ndi mphasa, bulangete, mbale ndi kapu yake. Wokhala ndi mpunga abweretse mpunga, wa nkhuni nkhuni, wa ndalama asonkhe zimene angathe. Kufika Lachisanu madzulo, anzathu achisilamu atachoka ku mzikiti, ndipo kubalalika Lamulungu masana, ife titaweruka ku tchalitchi. Mowa ayi. Koma mutu wa zonse unali Loweruka masana: tidye chakudya chimodzi, pamalo amodzi, monga tinkachitira tili ana a sukulu. Theka la kalasi yathu ndi Asilamu, theka Akhristu, ndipo sindinkafuna kuona magulu awiri, awa pansi pa mtengo uwu, awo pansi pa mtengo uwo.

Pa nkhani ya ndiwo ndi pamene ndinayamba kuchimwa. Mnzathu Amidu, amene tinkakhala desiki imodzi, pano ndi msodzi ndipo ali ndi mabwato ake awiri. Iye analemba pagulu kuti tidye nsomba, ndi zotchipa ndipo sizisankha chipembedzo. Anali kunena zoona. Koma ine ndinali nditalonjeza kale mbuzi, ndipo ndinamva ngati akunditsutsa pamaso pa anthu. Ndinamuyankha kuti anthu sangachoke ku Lilongwe kudzanunkha nsomba ngati iye. Ndinalemba choncho, anthu makumi anayi akuwerenga. Kuchokera tsiku limenelo Amidu sanalembenso kanthu pagulu, koma chopereka chake anatumiza, ndipo Lachisanu anabwera ndi mphasa yake, nkundipatsa moni wa m'manja basi.

Mbuzi ndinakazitenga cha ku Chiponde, kumene mtengo wake ndi wabwinoko, ndipo zinabwera pa njinga yamoto. Zinali ziwiri, zonenepa, ndinazimangirira kuseri kwa nyumba yanga. Aliyense wokulira kuno amadziwa kuti nyama yodyera pamodzi amaichinja, kunena kuti kuipha, ndi Msilamu, kuiyang'anitsa kumene amayang'ana popemphera, natchula dzina la Mulungu. Ngakhale pa ukwati wa ku tchalitchi timatero kuti anansi athu adye nawo. Ine ndinapangana ndi ashehe a m'dera mwathu, munthu wachikulire waulemu wake, kuti afike Loweruka isanakwane 6 koloko m'mawa.

Sikisi inakwana, ashehe osaoneka. Seveni inakwana. Ndinaimba foni, yozimitsa. Ndinkangoyendayenda pabwalo, ndikuona dzuwa likukwera, m'mutu ndikuwerenga nthawi yosenda, yodula, yophika. Itadutsa 8 koloko magazi anandikwera. Ndinalowa m'khitchini, ndinatenga mpeni. Mkazi wanga, mayi a Limbani, anali kutsuka miphika pa mpopi, ndipo pamene ankafika kuseriko mbuzi zonse ziwiri zinali zitagona. Ndikuuzeni zoona abale, pozipha sindinatchule dzina la Mulungu wa aliyense. Pakamwa panga panali potuluka zotukwana ashehe.

Mayi a Limbani anaima nkuyang'ana magaziwo nthawi yaitali.

"Bambo a Limbani, nanga anzanu aja adya chiyani?"

Ndinati adya nyama yomweyi, ndani akawauze? Nyama ikapsa silankhula. Iwo sanakweze mawu. Anangoti, "Miphika ikuluikulu iyi tabwereka kwa mayi Aisha, anzanu a kalasi omwewo. Nyama imeneyi siilowamo. Mukafuna phikirani m'chipewa chanu." Atatero anabwerera ku mpopi.

Ndinakhala pa mtondo wovundikira, mpeni uli m'manja, mkwiyo utandithera. Mbuzi zina ndikanazigula ndi chiyani? Zosonkha zonse zinali zitapita ku mbuzi zomwezi, mafuta ndi shuga. Njira zinali ziwiri. Kukhala chete nkudyetsa anzanga chinthu chimene chikhulupiriro chawo chimaletsa, iwo akundithokoza. Kapena kuulula, theka la kalasi lidye mpunga ndi masamba, kwinaku likuonerera anzawo akunyambita zala. Kulikonse chakudya chimodzi chija chinali chitafa, ndipo wochipha ndinali ine. Sindibisa, njira yoyambayo ndinaiganizira kwambiri. Ine mkulu wa mpingo.

Ndinagwada pomwepo pafupi ndi khola la nkhuku. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinati, Ambuye, ndine chitsiru, mwaona nokha. Sindikupempha kuti mundibisire manyazi, koma musalole anthu amene abwera ndi mtima woyera adyere padera chifukwa cha ine. Sindinamve mawu ochokera kumwamba. Chimene ndinamva ndi chakuti dzina la Amidu linandikhala pamtima ngati mwala, ndipo mwa anthu onse iyeyo ndi amene sindinkafuna kumuyang'ana m'maso.

Ndinasamba m'manja nkukwera kabaza kupita kusukulu. Ndinamupeza akumwa tiyi pakhonde la kalasi, ndipo ndinamuitanira kuseri. Ndinamuuza zonse, ngakhale za kutukwana zija, ndi kuti ndinaganizapo zobisa. Anandiyang'ana, kapu ili m'manja.

"Wakuona ndani?"

"Mayi a kunyumba okha."

"Ndiye ukanakhala chete, bwenzi ine nditadya lero nkupemphanso ina." Anapukusa mutu. "Tsabola, iwe sudzakula. Mbuzi zinakulakwira chiyani?"

Ndinapepesanso za mawu aja a pagulu. Anati amenewo anamupweteka kuposa za mbuzi, poti mkazi wake anawawerenga. Kenako anatulutsa foni nkuimbira mkulu woyang'anira mabwato ake ku doko. Ndinamva akulankhula m'Chiyao kuti nsomba zimene zatsala asagulitse, wogula wa ku Blantyre amene ankazifuna amuuze kuti adikire za mawa. Kumbali inayo munthu ankadandaula, koma Amidu anangoti wanena wanena. Atadula foni anandiuza kuti nsomba abweretsa, koma pali chimodzi: zimene ndamuuza iyezo ndikanene ndekha pamaso pa kalasi yonse, asamve kwa wina.

Kuima pamaso pa anthu amene anakudziwa uli ndi kabudula wong'ambika nkunena kuti ndalakwa si zophweka. Ndinanena mwachidule, osadzikometsera. Kenako Aisha, mwini miphika uja, anafunsa kuti, "Nanga miphika yanga?" Nditamuuza zimene mayi a Limbani anayankha, anaomba m'manja nati, "Chaka chamawa wapampando akhale mkazi wakoyo, iwe uzikatola nkhuni." Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba, ndipo ine ndinapuma koyamba tsiku limenelo.

Isanakwane 11 koloko njinga ziwiri zinafika ndi mabasiketi: utaka wambiri, mcheni, ndi chambo chowerengeka chimene tinasungira aphunzitsi athu awiri opuma ntchito amene tinawaitana. Ntchito yopala mamba inagwa pa tonse. Munthu amene amayendera galimoto ya ofesi ku Lilongwe anapinda malaya nkukhala pa njerwa, mayi wogulitsa zitumbuwa akumulangiza kagwiridwe ka mpeni. Nkhani zimene zinatuluka pamenepo, za mayeso, za zilango, za anzathu amene anatisiya, sindikhulupirira kuti zikanatuluka ku loji. Nyama ija mayi a Limbani anaigulitsa kwa mnansi wathu wootcha kanyenya. Ndalama zimene anatipatsa ndinapita nazo kwa Amidu, koma anakana kuzigwira, nati tiwagawire aphunzitsi aja.

Tili pafupi kudya, ashehe anatulukira pa kabaza, mpeni wawo atakulunga m'nsalu. Anayamba ndi kupepesa. Mchemwali wawo anamwalira m'bandakucha kutsidya kwa mtsinje, ndipo mwa mwambo wawo maliro sagona, choncho ankachokera kumanda. Foni inathera moto komweko. Munthu wachikulire, fumbi la kumanda lili kumapazi, kundipepesa ine amene ndinamutukwana mbuzi zikumva. Ndinagwira dzanja lawo ndi manja awiri nkuwauza zoona zake. Anangoti, "Mulungu ndi wokhululuka, mwanangu. Nsombazo zapsa?" Tinawayalira mphasa pakati pathu.

Tinadya tonse pansi pa mtengo umodzi, ndiwo imodzi, wina atapemphera m'njira yake, wina m'njira yake. Amidu anakhala pafupi nane monga pa desiki paja. Atandiona ndikunyambita zala anandinong'oneza kuti, "Achimwene, mukununkha nsomba."

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiyankhe pondibisira tchimo langa, koma ponditumiza kwa munthu amene ndinamuchimwira. Ndikuthokoza mayi a Limbani amene anaima pa miphika ya eni ake. Kwa inu amene mukukonza zokumana ndi anzanu akale, musaope kuchepa kwa m'thumba, mphasa ndi kalasi yobwereka zimakwana. Ndipo kwa anzanga amtima wapachala, amene mwathyola kale chinthu ndipo mukuona ngati chatsala ndi kubisa basi, musataye mtima. Gwadani, kenako dzukani mupite kumene simukufuna kupitako. Ine thandizo langa linali kumwa tiyi pakhonde, ndipo likanakhala pomwepo mpaka madzulo ndikanapanda kukamba zoona.

Mkwiyo sunathe, ndikulimbana nawobe, muzindipempherera. Tagwirizana zodzakumananso. Mbuzi ndidzagula ine ndi ndalama zanga, koma zikagona kwa Amidu, ndipo ashehe akachedwa ndidzadikira.