Zidutswa Makumi Anayi za Nsalu Yanga

Malemu amene agona apawa anabadwa pa 9 Malichi 1981, m'chipinda chakumbuyo kwa nyumba yathu, mzamba asanafike. Ndine mayi wawo. Abale amafuna kuti mbiriyi awerenge amalume awo, ine ndakana. Ndinawasambitsa ndine, koma lero ndiwatchula mwaulemu chifukwa anandiposa.

Anayamba sukulu mu 1988. Mayeso akusekondale anawalephera kawiri, ndisakunamizeni, koma chiwongolero anachidziwa. Mu 2004 anakwatira mpongozi wangayu, telala.

Mu 2009 analembedwa ntchito kumgodi, yoyendetsa galimoto yathanki yothira madzi mumsewu kuti fumbi ligone. Lamulo linali lakuti azithira kuchokera pageti mpaka kumaofesi basi. Msewu wa magalimoto onyamula miyala, wodutsa pasukulu ndi m'makomo mwathu, sunali pandandanda. Zovala tinkaanika m'nyumba. Ana ankatsokomola ngati nkhalamba. Malemu anayamba kukhota n'kumathiranso kwathu kuno kawiri patsiku, mpaka anthu anawatcha a Mvula. Mu Meyi 2016 kampani inawaimitsa ntchito chifukwa cha zimenezi. Ndinawakalipira kuti ali ndi ana atatu, ndipo anawo sadzadya chilungamo. Anangoyankha kuti ufulu wopuma mpweya wabwino suthera pageti ya kampani.

Sabata yomweyo inasowa nsalu yanga yoyera yoyala pabedi, ya paukwati wanga, imene ndinkasungira alendo. Malemu anaidula zidutswa makumi anayi, mpongozi wangayu n'kuzipinda m'mphepete pamakina, osandiuza. Anapachika chidutswa pazenera la nyumba iliyonse ya m'mbali mwa msewu, china m'kalasi, ndipo china anapempha mayi wosesa kuti akachipachike pazenera la ofesi ya abwana. Patatha masiku asanu ndi awiri anazitolera zonse. Ine ndinali ndisakuwayankhula.

Pa 14 Juni 2016 kampani inaitanitsa msonkhano muholo. Ndinapitako kuti ndikawakoke malaya akayamba kulongolola. Sanalongolole. Anayala zidutswazo patebulo chimodzichimodzi, akutchula nyumba ndi mayina a ana amene amagonamo. Zonse zinali bii ngati zisanza za m'galaja. Chomaliza, cha kuofesi chija, chinali choyera mbee. Bwana wamkulu ananyamula cha m'kalasi, zala zake n'kuda, ndipo anasowa popukutira. Ine ndinayang'ana mwana wanga ngati ndikumuona koyamba. Ndinachita mantha ndithu, kuti munthu wotereyu anatuluka mwa ine bwanji.

Kampani inavomera kuti udindo ndi wake. Malemu anabwerera pantchito. Mu 2017 msewu unasunthidwa, ndipo kampani inalonjeza kuti makina ojambula mapapo azibwera chaka chilichonse, kwa antchito ndi kwa ife oyandikana ndi mgodi. Tsiku loyamba malemu anali achitatu pamzere. Adokotala anati fumbi linalowa kale.

Analeka ntchito mu 2021, kupuma kutayamba kuvuta. Ngakhale pamenepo, makina akabwera ankatuluka ndi ndodo kukagogoda m'makomo mwa amene amaopa kujambulidwa. Anamwalira pa 3 Ogasiti 2024 m'mawa, atatsamira phewa la akazi awo.

Asiya mkazi, ana atatu, achemwali awo awiri, ndi ine.

Tikuthokoza anamwino amene anawatembenuza pabedi milungu isanu, madalaivala anzawo amene anyamula bokosi, ndi amayi amene akhala nafe chiyambire. Inu a kampani, ndaona kuti mwathira madzi msewu wa kumanda m'mawa uno. Zikomo. Koma makina aja chaka chino sanabwere, ndipo pamzere wachiwiri apo pakhala anzawo awiri amene akutsokomola chiyambire mwambo uno. Mwawamva nokha. Ine ndagula nsalu ina yoyera, ndipo sizasi mpongozi wanga ali nayo.

A Mvula, mwana wanga, za nsalu ija ndinakhululuka kalekale, kungoti sindinanene. Kapumeni kopanda fumbi. Mzimu wanu uuse mumtendere.