Waya wokulunga ndi jumbo ya shuga

Kuseri kwa nyumbayi kuli waya wa magetsi wosendedwa, wagona pa udzu wonyowa, ndipo ana athu afola pomwepo opanda nsapato, kudikira kuti atiimbire. Wanga Chisangalalo, wa zaka zitatu, ali kumapeto kwa mzere, pafupi penipeni ndi wayayo. Ndayambira pamenepo, moni abwere pambuyo.

Olemekezeka a khansala, olemekezeka Bambo Mfumu a parishi yathu, mafumu athu, a komiti, alezi a ana, amayi ndi abambo a kuno ku Lobi, ndakulonjerani nonse, ndipo mundikhululukire kuti ndikuthamanga.

Mwandipatsa ulemu waukulu, ine Kristina wolekeza Sitandade 6, kuti ndikhale mlendo wolemekezeka potsegulira magetsi pa sukulu ya mkombaphala ino, poti mwana wanga ndiye anali woyamba kulembetsa. Ndathokoza. Ndithokozenso a Alufeo, amene anayala mawaya m'nyumbayi mwaluso: polumikiza paliponse anamanga zolimba, natsekera m'kabokosi.

Koma m'mawa uno abambo a zoimbira aona kuti waya wawo wafupika. Asenda waya watsopano wa a Alufeo uja ndi mpeni, apoterapo wawo ndi zala, n'kukulunga ndi jumbo ya shuga. Jumbo ya shuga, anthuni, mvula ikuwaza chonchi!

Ndauza a Ignasio, apampando a komiti. Akuti, "Mayi, mwambo uyambe kaye." Ndadzuka kuti ndikatenge mwana wanga, andibweza pa mpando, ati mlendo wolemekezeka sayendayenda. Ndiye ndakhala apa, ndamvera pemphero, ndamvera malonje, ndawomba nawo m'manja, mtima uli kuseri.

Musaseke, a Ignasio. Ndili mtsikana ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Dedza Boma. Tsiku lina ndikuyanika zovala, chitenje chonyowa chinakhudza waya wolumikiza chomwechi. Nyesi inandiponya pansi ngati thumba la mbatata. Chala ichi, taonani, sichipindika mpaka lero. Ine ndinali wamkulu. Nanga kamwana ka zaka zitatu?

Paja mukudikira kuti ndinene mawu otsegulira. Ayi, sinditsegulira. Tinaumba njerwa ndi manja athu, tinatunga madzi m'nyengo yozizira, osati kuti tidzanyamule mwana pa tsiku la chikondwerero. Chimkuzamawu ndagwirachi chikukoka moto pa waya yemweyo. Zimitsani, mawu anga athere pomwepa, palibe kanthu. A khansala akalankhula ndi pakamwa pawo, tonse tili ndi makutu.

Alezi, chotsani ana kuseriko, muyambe ndi wakumapetoyo. "Zikomo kwambiri" wanga ndinena ndikamunyamula Chisangalalo. A Alufeo, ndikukuonani pa mpando wakumbuyo uko. Chonde, siyani botolo lanulo, thamangani mukazimitse. Bwerani pompano, bambo!